Mafunso Anu: Tchuthi Chachifupi ku Berlin Kuchokera pa Chileka

Makalata ambiri amene tinalandira mwezi uno akufunsa za ulendo wa masiku ochepa wokaona malo ku Ulaya. Tasankha okhudza Berlin, likulu la Germany, koma zimene tanena pa viza, ndalama ndi ndege zikugwiranso ntchito kwa amene akulinga ku Paris, Rome, Vienna kapena Lisbon. Maina a olemba sitinawasindikize.

Ine ndi akazi anga tili ndi tchuthi cha sabata imodzi. Tikufuna tikaone Berlin, Paris ndi Rome, popeza tamva kuti viza yake ndi imodzi. Zingatheke? (Bambo a ku Namiwawa)

Viza ndi imodzi zoona, bambo, koma sabata yanuyo mukaichotsera za m'njira itsala masiku anayi, akachulukitsa asanu. Palibe ndege yonyamuka m'Malawi muno n'kukatera ku Ulaya osasintha. Kuchokera pa Chileka mudzera ku Johannesburg kapena ku Addis Ababa, kenako Frankfurt kapena mzinda wina waukulu, ndiye Berlin. Mukaphatikiza maola odikira pa bwalo lililonse, popita pokha pamatha usana ndi usiku, pobwera chimodzimodzi. Tsiku lofikalonso musalidalire kwenikweni. Mwagona chokhala mu ndege, miyendo yatupa, ndipo mahotela ambiri sapereka chipinda isanakwane 3 koloko masana.

Kusamuka mzinda kulikonse kumadya theka la tsiku kapena kupitirira: kulongedza, kufika pa bwalo la ndege maola awiri isananyamuke, kusakasaka hotela yatsopano. Ndege zotchipa za m'kati mwa Ulaya zimalipiritsanso sutikesi padera, moti chikwama cha makilogalamu 23 chimene munachoka nacho kuno popanda kuwonjezera ndalama chitha kudula kuposa mpando wanu. Ife tikukulangizani mzinda umodzi. Mtima ukamati mutulukeko pang'ono, pitani ku Potsdam, kumene kuli nyumba yachifumu ya Sanssouci ndi minda yake. Ndi ulendo wosakwana ola pa sitima, mupita m'mawa n'kubwera madzulo pa tikiti yomweyo ya sitima ndi mabasi a mumzinda, yotchedwa ABC chifukwa imafika zigawo zonse zitatu, A, B ndi C.

Nyengo muisankhe bwino. May, June ndi September ndi miyezi yabwino. Mu June dzuwa limalowa cha m'ma 9:30 usiku, kotero tsiku limodzi limakwana zambiri. Mu December likamakwana 4 koloko masana kwada kale. Za kuzizira kwa January musaziyerekeze ndi chiperoni cha kuno, chifukwa kumeneko madzi amaundana panja ndipo juzi yopitira ku Ndirande m'mawa siithandiza kanthu. Mufunika chijasi chokhuthala, magolovesi, chipewa chophimba makutu ndi nsapato zosalowa madzi.

Ndiyambe chiyani: tikiti, hotela kapena viza? Mnzanga anagula tikiti, viza anamukaniza, ndalama zonse zinalowa m'madzi. (Mayi a bizinesi ya zovala, Limbe)

Yambani ndi pasipoti, mayi. Itsegulenitu lero. Malamulo a Schengen, mgwirizano wa mayiko 29 a ku Ulaya amene amagwiritsa ntchito viza imodzi, amafuna pasipoti imene inaperekedwa m'zaka 10 zapitazi, yokhala ndi masamba awiri opanda chidindo, ndipo ikhale idakali ndi moyo wa miyezi itatu kuchokera tsiku lomwe mudzatuluke ku Ulaya. Ngati ikupelewera pa chimodzi mwa izi, nkhani ya viza idikire kaye mpaka mutakonza za pasipoti ku Immigration.

Chachiwiri ndi kupeza tsiku lokaonekera. Germany ili ndi ofesi ya kazembe ku Lilongwe, ndipo tsamba lake la pa intaneti ndi limene likuuzeni kumene mafomu akulandiridwira ndi mndandanda wa zikalata zofunika pa nthawiyo. Muyenera kukaonekera nokha chifukwa amatenga zidindo za zala ndi chithunzi, choncho ikani pa bajeti basi ya ku Lilongwe ndi malo ogona usiku umodzi. Zidindozo amazisunga miyezi 59, moti ulendo wachiwiri mwina simudzazidindanso. Mungathe kupereka mafomu kutatsala miyezi 6 kuti munyamuke, ndipo pasatsale masiku ochepera 15. Yankho limatuluka m'masiku 15 nthawi zambiri, koma lamulo limawalola kufika masiku 45 ngati akufuna kufufuza zina. Ife timati yambani kutatsala miyezi itatu, makamaka ngati mukufuna kuyenda pakati pa June ndi August, pamene anthu ofuna viza amachuluka.

Mtengo wa viza ndi ma euro 90 kwa wamkulu ndi 45 kwa mwana wa zaka 6 mpaka 11, kuyambira mu June 2024. Akakukanizani ndalamayi sibwerera.

Tsopano funso lanu lenileni. Akazembe amafuna kuona kuti mwasungitsa mpando mu ndege ndi chipinda ku hotela, koma sakukakamizani kulipira tikiti yonse viza isanatuluke. Pemphani kampani yogulitsa matikiti ikusungireni mpando ndi kukupatsani pepala losonyeza masiku opita ndi obwerera, kapena gulani tikiti imene amabweza ndalama mukasintha maganizo. Hotela sankhani yololeza kufafaniza kwaulere mpaka masiku ochepa musanafike. Viza ikatuluka, ndiye lipirani. Chimene muyenera kugula chenicheni pa nthawi yofunsira ndi inshuwaransi ya zaumoyo ya paulendo, yokwana ma euro osachepera 30,000, yogwira ntchito m'mayiko onse a Schengen pa masiku onse a ulendo wanu, kuphatikizapo kukubwezani kuno mukadwala kwambiri.

Zina zonse zimene mupereke zikuyankha mafunso awiri amene ali m'mutu mwa wopereka viza: kodi munthuyu ali ndi ndalama zodzisamalira, nanga adzabwerera kwawo? Wolembedwa ntchito amapereka kalata ya abwana yonena udindo wake, malipiro ndi masiku a tchuthi, pamodzi ndi mapepala a malipiro a miyezi itatu. Inu a bizinesi muonetse satifiketi yolembetsera bizinesi, umboni woti mumakhoma msonkho ku MRA, ndi sitetimenti ya ku banki ya miyezi itatu kapena kuposerapo yokhala ndi chidindo cha banki. Apa ndi pamene amalonda ambiri a mu Limbe amagwera. Bizinesi ikuyenda bwino ndithu, koma ndalama zimazungulira pamanja ndi pa foni, ku banki kulibe choonetsa. Ngati ndi momwe zilili kwa inu, yambani pano kudutsitsa zogulitsa zanu ku akaunti, ulendo muuike chaka chamawa. Zikalata za nyumba kapena malo, za ukwati, ndi za ana amene ali pa sukulu kuno zimathandiza kusonyeza kuti muli ndi chokubwezani.

Lembaninso kalata yaifupi ya tsamba limodzi yonena kumene mukagone ndi zimene mukaone tsiku ndi tsiku. Masiku a m'kalatayo, a ndege, a hotela, a inshuwaransi ndi a tchuthi agwirizane onse. Kusiyana kwa tsiku limodzi lokha kumadzutsa mafunso.

Pasipoti ikabwera, werengani chomata cha vizacho musanachoke pa kauntala. Onani kalembedwe ka dzina, nambala ya pasipoti, tsiku loyambira ndi lothera, komanso chiwerengero cha masiku amene akulolezani kukhala. Ziwirizi ndi zosiyana. Viza itha kukhala ya mwezi wathunthu koma masiku ololedwa ali 8 okha, ndipo tsiku lolowa ndi lotuluka onse amawerengedwa.

Pali munthu wina akuti ndimulipire, andiikira ndalama zambiri mu akaunti kwa sabata imodzi ndi kundipangira mapepala a hotela, ati viza imatuluka msanga ikafunsidwa ku dziko lina osati Germany. Ndivomere? (Mnyamata wa ku Chilomoni)

Ayi, achimwene, musavomere ngakhale pang'ono. Anthu owerenga masitetimenti amenewa ndiyo ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Akaunti imene imalandira K600,000 pa mwezi, mwadzidzidzi n'kulowamo mamiliyoni 15 kutatsala masiku ochepa kuti mukaonekere, imaonekeratu. Hotela amatha kuiimbira foni. Akapeza chinyengo amakukanizani, ndipo kukanidwako kumalembedwa mu kaundula amene mayiko onse a Schengen amaona, moti mukadzafunsanso kwina adzadziwa. Dobadoba uja ndalama wadya kale, dzina loipitsidwa ndi lanu.

Za kufunsira ku dziko lina, lamulo ndi lomveka: mumafunsa ku dziko limene mukagoneko masiku ambiri. Mukatenga viza ya dziko lina koma mapepala anu onse akuloza ku Berlin, wapolisi wa pa chipata ali ndi mphamvu yoifafaniza pompo n'kukubwezani ndi ndege yotsatira. Ngati m'bale weniweni akukulipirirani ulendo, palibe chobisa. Alembe kalata, aikepo sitetimenti yake ndi umboni wa ubale wanu. Dziwaninso kuti kuyambira pa 1 July 2025 Germany inasiya njira yodandaulira ku ofesi ya kazembe munthu akakanizidwa viza. Chotsala ndi kufunsanso mwatsopano n'kulipiranso, kapena kukasuma ku khoti la ku Berlin. N'chifukwa chake mapepala ayenera kukhala olongosoka ulendo woyamba womwewo.

Ndidzere kuti, ndipo ndisiye maola angati posintha ndege? (Mphunzitsi, Chirimba)

Njira zodziwika ndi ziwiri. Ya Addis Ababa ndi Ethiopian Airlines imakufikitsani ku Frankfurt m'mawa mutauluka maola pafupifupi 7 usiku. Ya Johannesburg imatenga maola awiri ndi theka kuchoka pa Chileka, kenako maola pafupifupi 11 kukafika ku Frankfurt, kapena kudzera ku Doha kapena Istanbul kumene kuli ndege zolunjika ku Berlin. Njira yodzera ku London ipeweni pokhapokha mutafufuza bwino, chifukwa Britain sili mu Schengen ndipo mwini pasipoti ya Malawi atha kufunidwa viza yongodutsira ngakhale asatuluke pa bwalo la ndege.

Gulani ulendo wonse pa tikiti imodzi. Mukatero katundu amamatidwa chizindikiro cha Berlin kuchokera pa Chileka, ndipo ndege yoyamba ikachedwa, kampani ndiyo imakupezerani ina. Mukagula matikiti awiri osiyana pofuna kupulumutsa ndalama, ndege ya kuno n'kuchedwa ndi maola awiri, ya ku Johannesburg imakusiyani ndipo tikiti yake yapsa.

Chimene ambiri sadziwa ndi chakuti pasipoti amakaiona pa bwalo loyamba la Schengen limene mwaterapo, osati ku Berlin. Ngati ndi Frankfurt, mzere wa anthu ochokera kunja kwa Ulaya umatha kutalika kwambiri m'mawa, ndipo kuyambira mu October 2025 anayamba kujambula nkhope ndi zala pa chipata. Siyani maola atatu. Mapepala a hotela, inshuwaransi, tikiti yobwerera ndi umboni wa ndalama zikhale m'chikwama cha m'manja, zosindikiza, osati mu sutikesi kapena mu foni yokha. Viza si chilolezo chomaliza, wapolisi angathe kufunsanso zonsezi. Ngati pa Addis Ababa mudikire maola oposa 12, tengani khadi yachikasu ya katemera wa yellow fever, chifukwa atha kukufunsani pobwera.

Ndi kusowa kwa ndalama zakunja kuno, ndikonzekere bwanji? Khadi yanga ya ku banki ikagwira ntchito? (Mayi a ku Nyambadwe)

Pitani ku banki yanu msanga, viza ikangotuluka, ndi pasipoti, viza ndi tikiti. Musadikire sabata yonyamuka, chifukwa kupempha lero sikutanthauza kulandira lero. Afunseni zinthu zitatu ndipo akuyankheni momveka: khadi yanu ndi yotsegulidwa kugwira ntchito kunja, malire ake ndi ndalama zingati pa tsiku ndi pa mwezi, ndipo malirewo angakwezedwe pa masiku a ulendo? Anthu amafika ku hotela akaunti ili yodzaza ndi makwacha, khadi n'kukana chifukwa malire a zogula kunja ndi ochepa kuposa bilu. Mahotela enanso amatsekereza ndalama ina pa khadi ngati chikole, ndipo imeneyo imadya malire omwewo. Choncho chilichonse chotheka kulipiriratu muli kuno, monga hotela ndi matikiti a malo okaona, lipiranitu, mwezi wosiyana ndi woyendawo ngati n'kotheka.

Tengani ma euro pamanja, a 10, 20 ndi 50. Malo ang'onoang'ono ambiri ku Berlin, ogulitsa zakudya za m'njira ndi timagolosale ta usiku, amalandirabe ndalama za pamanja zokha, ndipo a 100 ndi 200 amawakana. Makwacha musatenge, palibe amene angakusinthireni. Madola amasinthika koma mutaya kawiri. Sungani malisiti a kumene munagula ndalamazo, popeza akhoza kukufunsani potuluka pa Chileka. Wonyamula ma euro 10,000 kapena kuposerapo amayenera kulengeza polowa ku Ulaya. Boma la Germany limawerengera ma euro 45 pa tsiku ngati ndalama yochepetsetsa imene mlendo ayenera kuonetsa, koma imeneyo musaitenge ngati bajeti, chifukwa chipinda cha hotela chokha chimaposa pamenepo.

Makina olipirira kapena ATM akakufunsani ngati mukufuna kulipira mu euro kapena m'ndalama ina, sankhani euro nthawi zonse. Njira inayo amasintha okha pa mtengo wokwera. Ndipo simu khadi yanu ya kuno musaisiye kunyumba. Banki imatumiza nambala yachinsinsi yotsimikizira malipiro pa nambala yomweyo. Tsegulitsani roaming musananyamuke kuti mauthenga azilowa, koma data ya pa simu imeneyo muitseke, intaneti muzigwiritsa ya ku hotela kapena eSIM yogula padera.

Ndikatera, ndikafika bwanji m'tauni? Ndamva kuti sitima zake zilibe woona matikiti pakhomo. (Wophunzira, Chichiri)

Mwamva zoona, ndipo pamenepo ndi pamene alendo amapezera tsoka. Bwalo la ndege la Berlin Brandenburg, limene linatsegulidwa mu October 2020, lili ndi siteshoni ya sitima pansi pa Terminal 1. Sitima ya FEX imakufikitsani pa siteshoni yaikulu ya Hauptbahnhof m'mphindi zosapitirira 30 kwenikweni, ndipo sitima ya mumzinda ya S9 imachedwerapo koma imaima m'malo ambiri a pakati pa mzinda. Mzindawu unagawidwa zigawo A, B ndi C. Bwalo la ndege lili mu C, ndiye tikiti ya tsiku lofika ndi lobwerera ikhale ya ABC. Masiku ena onse ya AB ikukwanirani, kupatula tsiku la ku Potsdam.

Tikiti imodzi yomweyo imagwira pa U-Bahn (sitima za pansi pa nthaka), S-Bahn (sitima za mumzinda monga S9), tramu ndi basi. Mukagula ya pepala pa makina, siinayambe kugwira ntchito mpaka mutaidinda. Pa pulatifomu pali kabokosi kofiira kapena kachikasu pa mtengo wachitsulo. Lowetsani tikiti pa kampata kake, kalira kamodzi n'kusindikiza nthawi ndi siteshoni. Dindani kamodzi kokha, chifukwa yodinda kawiri imakhala yowonongeka. Oyendera matikiti savala yunifolomu. Amakwera ngati anthu wamba, zitseko zikatsekeka n'kutulutsa ziphaso zawo. Tikiti yosadinda amaitenga ngati mulibe, chindapusa ndi ma euro 60, ndipo zoti ndinu mlendo samva. Tikiti ya ulendo umodzi imagwira maola awiri mukulowera mbali imodzi, simungabwerere nayo. Ngati mukwere katatu kapena kuposerapo pa tsiku, gulani ya maola 24. Zitseko za sitima zambiri sizitseguka zokha, dinani batani.

Hotela ipezeni m'kati mwa chigawo A, ku Mitte, Prenzlauer Berg, Friedrichshain kapena Charlottenburg, pafupi ndi siteshoni yoti muyende mphindi zosaposa 5. Funsani ngati chakudya cha m'mawa ndi msonkho wa mzinda zili kale mu mtengo. Poyenda pansi samalani ndi kanjira ka njinga kamene kamakhala pambali pa njira ya anthu, nthawi zambiri kofiirira. Njinga zake zimathamanga ndipo sizipatuka. Magalimotonso amayenda kumanja, choncho powoloka yambani kuyang'ana kumanzere.

Tili ndi masiku anayi athunthu. Tione chiyani, ndipo ndi ziti zofunika kubukitsiratu? (Banja la ku Chigumula)

Chobukitsiratu choyamba ndi denga lagalasi la Reichstag, nyumba ya malamulo ya Germany. Kulowa ndi kwaulere, koma muyenera kulembetsa pa tsamba la pa intaneti la nyumba ya malamuloyo, yotchedwa Bundestag, kupereka dzina ndi tsiku lobadwa la aliyense, ndipo malo amatha kudakali masabata. Pa tsikulo tengani pasipoti. Dengali, limene anajambula ndi Norman Foster ndipo linatsegulidwa mu 1999, lili ndi njira yozungulira yokwera pang'onopang'ono, pansi pake mukuona chipinda chimene aphungu amakumaniramo.

Tsiku loyamba limangeni mozungulira nthawi imene akupatsaniyo. Kwerani basi nambala 100 kuchokera ku Zoologischer Garten, mukhale pamwamba kutsogolo ngati mwapeza yosanjikiza. Ndi basi wamba ya tikiti wamba, koma imadutsa pa chipilala cha Siegessäule, nyumba ya pulezidenti ya Bellevue, Reichstag ndi msewu wa Unter den Linden mpaka ku Alexanderplatz, njira yomwe mabasi a alendo amalipiritsa ndalama zambiri. Kuchokera pa Reichstag, chipata cha Brandenburg, chimene anamaliza kumanga mu 1791, ndi mphindi 5 wapansi. Kutsogolo pang'ono kuli chikumbutso cha Ayuda amene anaphedwa ndi chipani cha Nazi, miyala ya simenti 2,711 yotalika mosiyanasiyana. Ndi malo a maliro. Ana asakwere pa miyalayo, ndipo aliyense adziwe kuti kukweza mkono mwa sawatcha ya Nazi, ngakhale mwanthabwala pojambulitsa, ndi mlandu ku Germany.

Musachoke m'derali musanafike pa Wilhelmstraße 92. Alendo ambiri amadutsa osaona, koma kwa ife a ku Africa ndi malo olemera. Pali chikwangwani chosonyeza pamene panali nyumba imene Otto von Bismarck, mtsogoleri wa boma la Germany pa nthawiyo, anachititsiramo msonkhano wa mayiko 14 wokambirana za Africa kuyambira pa 15 November 1884 mpaka pa 26 February 1885, popanda mfumu kapena nthumwi ya mu Africa ngakhale imodzi. Malire a mayiko athu sanajambulidwe m'chipinda chimenecho monga ambiri amanenera. Chimene anagwirizana ndi malamulo a kalandidwe ka malo, ndipo patangopita zaka 6, mu 1891, dziko lathu linali m'manja mwa Britain, Germany ili tsidya la mtsinje wa Songwe. Amene nkhaniyi yawagwira mtima akwere sitima ya U-Bahn ya U6 kupita ku dera la Wedding, kumene misewu ina imene inali ndi maina a atsamunda inasinthidwa. Umodzi tsopano ndi Maji-Maji-Allee, kukumbukira nkhondo yolimbana ndi atsamunda a ku Germany ya 1905 mpaka 1907 imene Angoni a ku Songea, kutsidya kwa nyanja yathu, anamenya nawo.

Tsiku lachiwiri likhale la khoma la Berlin, limene linkagawa mzindawu pawiri, kum'mawa ndi kumadzulo, ndipo linayamba kumangidwa pa 13 August 1961 n'kutsegulidwa pa 9 November 1989. Ambiri amathamangira ku Checkpoint Charlie, chipata chotchuka chowolokera khomali, koma kanyumba kali pamenepo ndi kongoyerekezera ndipo pozungulira padzaza ogulitsa zikumbutso. Jambulitsani, mudutse. Malo omvetsetsera khomali ndi Bernauer Straße, kutsikira pa Nordbahnhof. Kumeneko anasunga chigawo chathunthu momwe chinalili: khoma lakutsogolo, mchenga wapakati pamene alonda ankawomberapo, nsanja yawo, ndi khoma lakumbuyo. Kwerani nsanja ya tsidya la msewu muone zonsezo kuchokera pamwamba. Pansi pali zizindikiro za pamene anthu anakumba ngalande zothawira, ndi zithunzi za ena mwa anthu osachepera 140 amene anafera pa khomali. Ndi kwaulere, ndipo pamafunika maola awiri. Madzulo pitani ku East Side Gallery, khoma la makilomita 1.3 lojambulidwa zithunzi m'mbali mwa mtsinje wa Spree.

Tsiku lachitatu ndi la Museumsinsel, chilumba cha nyumba zisanu zosungiramo zakale. Musayese kulowa zonse, mutu umatopa pakatha maola atatu. Pergamonmuseum inatsekedwa mu October 2023 kuti ikonzedwe, choncho onani kaye pa intaneti ngati yatsegulidwa musanaiike pa ndondomeko. Sankhani Neues Museum, kumene kuli chosema cha mutu wa mfumukazi Nefertiti ya ku Egypt. Gulanitu tikiti ya nthawi yake, ndipo m'chipinda chakecho salola kujambula. Ana osakwana zaka 18 salipira m'nyumba za boma zimenezi. Tsidya la msewu kuli Humboldt Forum, kumene kuli katundu wambiri wochokera ku Africa, ndipo mu 2022 Germany inabweza ku Nigeria umwini wa zosema za mkuwa za ufumu wakale wa Benin. Tsikuli lisagwe Lolemba, chifukwa nyumba zambiri zotere zimatseka, zina ndi Lachiwiri lomwe. Nsanja ya wailesi ya kanema ya pa Alexanderplatz, yotalika mamita 368, ikwereni pokhapokha kunja kutayera. Pa bwalo lomwelo gwirani zikwama kutsogolo, ndipo obwera ndi pepala loti musaine kapena masewero a tizibokosi titatu musawaimire.

Tsiku lachinayi pitani ku Potsdam, kapena lisiyeni lopanda ndondomeko kuti mubwerere kumene kwakusangalatsani ndi kugula mphatso.

Ndingatengeko ufa, usipa ndi nyama yowamba? Nanga ife Asilamu tikadya kuti? (Bambo a ku Bangwe)

Nyama ndi zamkaka, kaya zowamba, zophika kapena za m'chitini, siziloledwa kulowa ku Ulaya m'chikwama cha munthu. Amalanda ndipo atha kukulipiritsani. Nsomba zouma kapena zowamba zimaloledwa mpaka makilogalamu 20, koma zikulungeni bwino. Mango, mapeyala ndi masamba aawisi zisiyeni. Kwa masiku anayi a mu hotela yopanda khitchini ufa simukausowa, ndipo amene apeza nyumba yophikira aupeza m'masitolo a zakudya za ku Africa ku Wedding ndi ku Neukölln.

Chakudya cha halal ku Berlin si chosowa. Ku Kreuzberg ndi mu msewu wa Sonnenallee ku Neukölln mwadzaza malo odyera a anthu a ku Turkey ndi Aluya, ndipo döner imodzi, buledi woikamo nyama yootcha ndi masamba, imakhutitsa munthu wamkulu pa mtengo wotsika. Currywurst, soseji yotchuka ya mumzindamu, nthawi zambiri ndi ya nkhumba, funsani kaye. Lamulungu masitolo onse akuluakulu amatseka, kupatula a m'masiteshoni monga Hauptbahnhof ndi Ostbahnhof, ndiye gulanitu Loweruka. Madzi a pa mpopi ndi abwino kumwa. Ogula m'botolo ambiri ndi a mpweya, yang'anani lolembedwa kuti still. Botolo lapulasitiki musataye, munalipirapo masenti 25 amene makina a mu supamaketi amabweza. Sungani makobidi a masenti 50 ndi euro imodzi olipirira chimbudzi. Mapulagi athu a mano atatu salowa m'masoketi awo a mabowo awiri ozungulira, choncho gulani adaputa mu Limbe musananyamuke.

Nditadwala kapena kutaya pasipoti, ndingatani? (Agogo a ku Zingwangwa, okaona mzindawu ndi mwana wawo)

Agogo, nambala ya ambulansi ndi 112, ya apolisi 110, ndipo zonse ndi zaulere pa foni iliyonse. Mankhwala anu a BP kapena shuga tengani okwanira ulendo wonse ndi masiku ena owonjezera, m'mapaketi ake enieni, m'chikwama cha m'manja, pamodzi ndi kalata ya dokotala. Ngakhale mankhwala a mutu kumeneko sagulitsa pa golosale, muwapeza ku Apotheke kokha, sitolo ya chizindikiro cha A wofiira. Mukamva kutentha thupi, kuphwanya kapena kuzizidwa, musati ndi chimfine cha nyengo. Malungo amatha kuonekera patapita sabata kapena kuposerapo udzudzu utakulumani kuno, ndipo dokotala wa ku Berlin sayamba waganizira malungo pokhapokha mutamuuza. Nenani msanga kuti mwachokera ku Malawi ndipo mukufuna akuyezeni malungo tsiku lomwelo. Imbirani a inshuwaransi pa nambala ili pa chikalata chawo musanalipire bilu yaikulu, ndipo sungani malisiti onse.

Pasipoti ikatayika, yambani kupolisi mukatenge lipoti, kenako mupite ku ofesi ya kazembe wa Malawi, imene ili mu Berlin momwemo, akakuthandizeni chikalata chobwerera kumudzi. Ntchitoyi imafulumira mukakhala ndi fotokope ya tsamba la chithunzi ndi la viza, komanso zithunzi ziwiri za pasipoti. Fotokope imodzi isungeni mu sutikesi, ina kwa mwana wanuyo, ndipo ina muitumize pa WhatsApp kwa wachibale wotsala ku Zingwangwa.